Kuwotcherera Ubongo wa Madala

"Uwagwire miyendo, iwe, m'malo mongondiyang'ana," anatero Sipaki.

Dona sanasunthe. Anaima pakhomo la chipinda, kapu ya madzi ili m'manja, akuona mwamuna wake atakhalira bambo ake omubereka pachifuwa ngati munthu wofuna kuzinga mbuzi. Madala anali chagada pamatiresi, atalumanitsa mano, mutu akuuponya uku ndi uku. Miyendo yawo yowondayo inkamenya khoma, ndipo fumbi la laimu linkagwera pabulangete.

"Akukana, amunanga," anatero Dona. "Munthu akakana mumayamba mwamusiya apume."

"Akukanayo ndi iwo kapena ndi matenda? Bambo anga amene ndimawadziwa ine sakanakana mankhwala. Bweretsa madziwo."

"Dzulo munawapatsa, analira mpaka mawu kusasa. Lero mukufuna alire ndi chiyani?"

"Ndati bweretsa madziwo."

Sipaki anawatsina mphuno bambo akewo n'kudikira. Manja ake anali ozolowera kupinda zitsulo, ndipo nkhalamba yonjenjemera sikanalimbana nawo. Mpweya utawathera, Madala anayasamula, iye n'kuwaponyera mapiritsi oyera m'kamwa, n'kutsomphola kapu m'manja mwa Dona. Kapu yachitsuloyo inawang'amba mlomo. Madzi ena anatsika, ena anabwerera m'mphuno ali ofiira. Atatsimikiza kuti ameza, Sipaki anadzuka n'kuwapukuta magaziwo ndi chala chachikulu, mofatsa, mwachikondi, ngati si iye wawavulaza.

"Mudzandithokoza, Bambo," anatero, n'kutuluka.

Sipaki anali wowotcherera zitsulo, ndipo dzinalo, lotanthauza kamoto kothetheka, anamupatsa anzake chifukwa ankayaka msanga kuposa makina ake. Shedi imene ankagwiriramo ntchito inali kutsogolo kwa nyumba, ndipo anaimanga ndi Madala omwewa, masiku amene ankasenza geti lathunthu okha. Ndi iwonso amene anamutcha mpongozi wawo kuti Dona, chifukwa tsiku loyamba kufika pakhomopo anabwera ndi nsapato zoyera pabwalo la dzimbiri ndi oyilo. Anamuseka tsiku limenelo, n'kumukonda kuyambira pomwepo.

Tsono manja aja anayamba kunjenjemera, miyendo n'kuyamba kukwekwereza, mutu nawo n'kuyamba kutaya zinthu. Kuchipatala anawapatsa timapiritsi tochepetsa kunjenjemerako, n'kunena mosabisa kuti matenda amenewa sachira, amangowanyengerera. Sipaki anapirira zonsezo mpaka tsiku limene Madala anatuluka m'nyumba, n'kumupeza akuyeza felemu ya windo pamaso pa makasitomala, n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Kodi akulu, m'shedi mwanga muno mwalowa ndi chilolezo cha ndani?" Makasitomala anaseka. Sipaki sanadye tsiku limenelo.

Mlungu womwewo anapeza pafoni bambo wina wa gawuni yoyera, wa lilime losalala, amene ankati ubongo wa nkhalamba umatsitsimuka ndi vitamini wotchedwa niyasini, bola azimwa wochuluka. Sipaki anaonera kanemayo mpaka batire kutha. Timapiritsi ta kuchipatala tija anatitaya m'chimbudzi, n'kubwera ndi chibotolo chapulasitiki chachikulu ngati chitini cha penti.

Mwamuna wake atatuluka, Dona anakhala m'mphepete mwa matiresi kudikira, chifukwa ankadziwa chobwera. Sipanapite nthawi, Madala anayamba kusisita makutu. Kenako khosi. Kenako anadula mabatani a malaya n'kuyamba kudzikanda pachifuwa ndi zikhadabo zawo zolimba zija, mpaka mizere yotuwa inasanduka yofiira.

"Zimitsani makina," ankalira motero. "Wina azimitse makinawo, ndapsa ine. Dona, mayi, ndapsa."

Dona ananyowetsa thaulo n'kuwafunditsa m'khosi. Kulirako kunamubweza Sipaki kuchoka m'shedi, koma sanabwere ndi chisoni. Anachotsa thaulolo, n'kugwira makutu a bambo ake ndi kuseri kwa dzanja, n'kumwetulira.

"Tagwira apa. Wamva kutenthako? Ndiye kuti zikugwira ntchito."

Anamufotokozera ngati akuphunzitsa mwana, kuti muubongo muli timawaya, ndipo mwa Madala timawayato taduka. Nanga chitsulo choduka amachilumikiza ndi chiyani, madzi ozizira? Iye wakulira m'shedi, ndipo sanaonepo zitsulo ziwiri zikugwirana popanda moto. Bambo wa pafoni uja anangonena kuti thupi limatentha ukamwa. Zotsalazi Sipaki anawonjezera yekha, ndipo anazikhulupirira kwambiri poti zinali zake.

"Chitsulo sichilira," anatero Dona.

"Chikanakhala ndi pakamwa chikanalira. Koma chikazizira umachipeza chagwirana. Iwe ukufuna ndiziwaonerera akutha ngati geti losiyidwa pamvula? A kuchipatala aja ananditaya, akuti palibe chochita. Ine sindinabwezepo ntchito kuti siitheka."

"Awa si ntchito, amunanga. Ndi bambo anu."

"N'chifukwa chake sindiwasiya."

Pofika mlungu wotsatira, chifuwa cha Madala chinali zilonda zokhazokha. Sipaki sanaone kuti vuto ndi mapiritsi, anaona kuti vuto ndi manja. Anatenga mpando wachitsulo umene Madala anapanga okha kalekale, n'kuuwotcherera mphete, kuno imodzi uko imodzi, pamene pamatsamira mikono. Ntchitoyo anaigwira mwaluso, tinene zoona. Anasalaza mphetezo kuti zisacheke khungu, n'kuzipaka penti wakuda, kenako anadula chubu chakale cha galimoto n'kupanga malamba. M'mawa uliwonse ankawakhazika bambo ake pampandopo m'khonde la kuseri, n'kuwamanga, n'kuwamwetsa. Kulira kukayamba, ankapita m'shedi kukayatsa gilayinda, makina aphokoso opalira zitsulo aja, ngakhale panalibe choti apale.

Anansi ankamva. Mpanda sunali wautali, ndipo gilayinda ikangopuma mawu a nkhalamba ankadumphira kutsidya. Koma anthu a mumsewumo anali ndi mageti awo ndi mawilibala awo ofuna kukonza, ndipo pokumana ndi Dona kusitolo ankangoti, "Odwala ali bwanji?" n'kuyang'ana kumbali yankho lisanatuluke.

Zotsina mphunozo Dona zinamukwana tsiku limene anatola dzino la Madala pansi pa mpando akusesa. Anamupempha mwamuna wake kuti ntchito yowamwetsa amusiyire iyeyo. Ankasinja mapiritsiwo ndi kumbuyo kwa supuni, n'kuwasakaniza m'phala la shuga wambiri. Madala anali ataiwala dzina la malemu mkazi wawo, anali ataiwala njira ya kuchimbudzi, koma nkhope ya Dona sanaiiwale. Akamuona ndi mbale ankayasamula okha.

"Dona wathu," ankatero, "pakhomo pano munthu ndiwe wekha."

Ndipo Dona ankawapatsa motowo ndi dzanja lake, akumwetulira kuti asakayike, kenako n'kupita kubafa kukalira atatsegula mpopi. Ankadzida. Ankadziuza kuti wawapulumutsa mano otsalawo, koma mtima wake sunkamva zimenezo.

Kenako thupi la Madala linazolowera. Kutentha kunayamba kuchepa, kulira kunafupika, ndipo Dona anaganiza kuti mwina Mulungu wamumvera. Anaiwala kuti anakwatiwa ndi mmisiri. Phala likatha, Sipaki ankabwera kudzagwira makutu a bambo ake monga amayesera chitsulo, ndipo tsiku limene anawapeza ofunda chabe anakwinya nkhope.

"Moto wachepa," anatero. "Mawa uwonjezere."

"Pabotolopo alemba kuti munthu asapitirire mlingo."

"Olembawo amaopa milandu. Rodi yowotcherera ikamamatira pachitsulo umatani? Umataya ntchito? Umapotoza kabatani, moto n'kukwera."

Dona anawonjezera. Thupi likazolowera, ankawonjezeranso, ndipo botolo limene Dona ankaganiza kuti silidzatha linayamba kulira pansi akaligwedeza. Madala anasiya kufuna chakudya. Ankasanza, mkodzo wawo unada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo m'mawa wina Dona powasambitsa kumaso anaona kuti maso awo asanduka achikasu. Anathamangira m'shedi sopo ali m'manja. Sipaki anabwera, anawatong'ola diso ndi chala, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anati amenewo ndi makoko. Ukawotcherera, pamwamba pamabwera makoko akuda, umagogoda ndi nyundo, pansi n'kupeza mzere wokongola. Zoipa zikutuluka, basi.

Lamlungu kunabwera mlongo wake wa Sipaki, wogwira ntchito mu ofesi kutali, amene ankafika pakhomopo mwa apo ndi apo. Sipaki anali atayala nsalu pampando kubisa mphete zija, n'kuwaveka bambo ake malaya a manja aatali. Mlongoyo anawapeza ali phee, mutu utazyolika, manja ali pamiyendo. Ulendo wapitawo anawasiya akuyendayenda pabwalo, akukalipira makasitomala, ndiye lero anasangalala kwambiri.

"Achimwene, mwagwira ntchito," anatero. "Onani mmene afatsira."

Dona anamutsatira kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Alamu, tawayang'anani m'maso. Takwezani manja a malayawo muone. Sikufatsa kumeneku, akutha."

Mlamuyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupuma mokoka.

"Alamu, ndikudziwa kuti kusamala wodwala n'kotopetsa. Ngati mwatopa, nenani, palibe angakudabweni. Koma musandiipitsire mchimwene wanga. Ana ena makolo awo amangowataya, iye akugwa nawo akudzuka nawo."

Anasiya malalanje patebulo, anawajambula Madala pafoni kuti atumizire abale, n'kuthamangira basi. Madzulo omwewo mafoni oyamikira anayamba kulira, ndipo Sipaki ankayankha modzichepetsa kuti akungochita udindo wake.

Kuyambira m'mawa mwake, Dona anasiya kuthira mapiritsi m'phala. Ankawasinja mokweza kuti kumveke m'shedi, ufawo n'kuutaya m'sinki. Akamva mapazi a mwamuna wake, ankaviika kansalu m'madzi a m'ketulo n'kuwafunditsa apongozi ake makutu, ndipo Sipaki ankagwira, n'kukhutira, n'kubwerera. Zinayenda choncho kwa masiku angapo, ndipo Madala anadyako lalanje. Koma chimene Dona sakanatha kupanga ndi kulira. M'mawa wina Sipaki anazimitsa gilayinda kuti ayankhe foni, n'kumva zimene anali asanamve kwa nthawi yaitali: bambo ake akung'ung'udza kanyimbo kuseri kwa nyumba. Anabwera mwakachetechete, anasiya makutu, n'kupisa dzanja m'malaya. Chifuwa chinali zii. Analowa m'khitchini n'kupeza ufa woyera utamatirira m'mbali mwa sinki.

Sanafunse zambiri. Anapita m'shedi n'kubwera ndi chingwe cha makina, chokhuthala chija chokhala ndi chopanira chachitsulo kunsonga.

"Kuyambira liti?" anafunsa.

"Amunanga, akudya tsopano. Dzulo anagona osabuula. Tiyeni nawo kuchipatala akawaone masowo."

"Ukufuna afe asanandidziwe? Iwe amakudziwa, ndiye ulibe nazo ntchito. Ine amanditcha akulu. M'nyumba mwanga, bambo anga, kunditcha akulu."

"Akufa ndi inuyo. Simukuona?"

Chingwe choyamba chinamutera pamsana, ndipo mpweya unamuthawa. Chachiwiri chinamukulunga m'miyendo n'kumugwetsera pakati pa mpando ndi khoma. Dona anabisa mutu m'mikono, koma chopanira chija chinapeza mpata n'kumung'amba pamwamba pa diso. Magazi anamutseka kuona. Ankangomva chingwe chikulira m'mwamba, ndi kupuma kwa mwamuna wake, ndi miyendo ya mpando ikukhulana ndi simenti pamene Madala ankalimbana ndi malamba.

"Musiye mwanayo, iwe!" anakuwa Madala, ndi mawu amene anatsala nawo. "Ndiwe yani iwe? Ndikuitanira mwana wanga akuthyole msana."

Sipaki anaima. Chingwe chinalendewera m'manja mwake, ndipo nkhope yake inaoneka ngati womenyedwayo anali iyeyo. Dona anaganiza kuti zatha. Koma Sipaki anataya chingwecho, analowa m'khitchini, n'kubwera ndi botolo. Anakhuthulira mapiritsi m'dzanja osayang'ana n'komwe, n'kuwatsina mphuno bambo ake.

Tsiku limenelo gilayinda sinafunike. Madala sanakuwe, ankangobuula chapansipansi, mutu uli pachifuwa.

Dona anakhala pansi m'khitchini, nsalu ili padiso, mpaka dzuwa linapendeka. Analongedza zovala m'chikwama, n'kuzitulutsanso. Akachoka, atsala ndani woti Madala amuyasamulire okha? Mawu anali atamuthera. Anayesa kupempha, anayesa mlamu, anayesa kunama, zonse zinagwa pansi. Mwamuna wakeyo sankakhulupirira chouzidwa, ankakhulupirira chimene wagwira ndi dzanja lake. Ndipo Dona anakumbukira kuti pa masabata onsewa, Sipaki anali asanamezepo ngakhale piritsi limodzi la m'botolomo.

M'mawa mwake diso linali litatupa mpaka kutsekeka. Sipaki sanaliyang'ane. Anathira yekha mapiritsi m'kambale n'kuima pambali pake.

"Usinje ndikuona."

Dona anasinja. Patebulo panali mbale ziwiri za phala, ya Madala ndi ya mwamuna wake. Ufa utasalala, kunja kunamveka hutala ya kasitomala amene anabwera kudzaona geti lake, ndipo Sipaki anasuzumira pawindo n'kumukuwira kuti adikire pang'ono. Potembenuka anapeza kambale kali kopanda kanthu, Dona akutakasa phala. Anatenga mbale yake n'kumwa chiimire, mothamanga, monga ankachitira masiku onse.

"Likuwawasa," anatero.

"Mkaka wayamba kusasa," anayankha Dona.

Dona anawamwetsa Madala phala lopanda mankhwala, ngakhale anangolandira masupuni ochepa, kenako anakaima pawindo la khitchini. Sipaki anali atavala chisoti chake chowotcherera, atawerama pageti, kasitomala atakhala m'galimoto akusewera ndi foni. Poyamba Sipaki anakhula khutu ndi phewa. Anapitiriza ntchito. Kenako anakweza chisoticho n'kusuzumira m'ovolosi, kufunafuna kamoto kamene kamulowa. Sanakapeze. Anaponya chisoti uko, anang'amba ovolosi mpaka m'chiuno, n'kuyamba kudzikanda m'khosi ndi manja onse awiri.

"Dona! Makina andigwira! Ndapsa!"

Anathamangira pampopi wa pabwalo n'kuika mutu pansi pa madzi, koma motowo unali m'kati. Anadzikhula msana pakhoma, anagwa pansi, anagubuduzika pasimenti pakati pa zidutswa za zitsulo zikumucheka. Bambo wamkulu wa ndevu zake, amene anthu ankamupatuka pamsewu, anayamba kulira ndi mawu a kamwana, akuitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Kasitomala anatuluka m'galimoto n'kuima kukamwa kuli yasa.

Dona sanasunthe pawindopo. Sanamve chisoni ngakhale pang'ono, ndipo anachita mantha ndi mtima wakewo.

Chimene chinamudzidzimutsa ndi chiphokoso cha chitsulo kuseri kwa nyumba. Anapeza Madala atagwetsa mpando, akuukoka ndi mikono yomangidwayo, chipumi chikutuluka magazi.

"Mwana wanga wapsa," ankatero. "Ndimasuleni, mwana wanga wapsa."

Dona anadula malambawo ndi mpeni wa m'khitchini. Munthu amene kwa masiku ambiri sankatha kuima yekha anakwawa kudutsa m'nyumba monse, maondo akukhula simenti, mpaka anafika pampopi. Anagwira mkono wa Sipaki ndi manja awo onjenjemerawo, anauyandikitsa kukamwa, n'kuyamba kuuuzira.

"Fuu, fuu. Tonthola. Ndinakuuza kuti rodi yotentha saseweretsa. Tonthola, amayi ako angamve n'kutikalipira tonse."

Sipaki analeka kudzikanda. Misozi ndi madzi a pampopi zinkatsikira pamodzi m'ndevu.

"Bambo, mwandidziwa?"

"Fuu. Balali lipola, kamwana, lipola."

Dona anaima pamwamba pa awiriwo, mpeni udakali m'manja.

"Umenewo ndi mlingo wa m'mawa umodzi, amunanga," anatero. "Inu mwathamangira pampopi. Iwo mwezi wonsewu amaumva atamangidwa manja."

Sipaki anamuyang'ana, ndipo Dona anakonzekera kumenyedwanso. Koma maso a mwamunayo anatsikira pamanja amene anamugwira. M'mikono monse mmene munkadutsa malamba khungu linali litasupuka, ndipo maso amene ankamuyang'ana mwachikondiwo anali achikasu kwambiri. Pomwepo Madala anasanza zakuda n'kumugwera pachifuwa.

Anawanyamula pagalimoto ya kasitomala uja, atawagoneka pamatiresi pamalo pamene pakanakhala geti. Dona anatenga botolo.

Dokotala anali mayi wooneka kutopa, wosataya mawu. Anawerenga pabotolopo n'kufunsa kuti ankawapatsa angati. Sipaki analephera kunena, anangopinda dzanja kusonyeza mmene linkadzazira. Dokotalayo anatseka maso kwa kamphindi. Anati vitamini ameneyu thupi limamufuna pang'ono chabe, koma wochuluka chonchi amawononga chiwindi, ndipo cha Madala chawonongeka kwambiri. Kutentha kuja sikunali kuchira, inali mitsempha ya pakhungu ikutseguka, basi. Anati ayesetsa, koma sanalonjeze. Kenako anakweza mikono ya Madala n'kuiyang'anitsitsa, anayang'ananso diso la Dona, n'kunena kuti izinso azinena kwa oyenera, ndipo abwera kudzafunsa. Sipaki anangogwedeza mutu.

Masiku otsatirawo Madala ankangogona, diripi ili pamkono, mimba ikutupa. Mlamu uja anafika n'kulira mokweza m'khonde la chipatala, akufunsa chifukwa chake panalibe womuuza. Dona anangomuyang'ana ndi diso lake limodzi lotsegukalo. Sipaki sankachoka pambali pa bedi. Sankadya, sankasintha zovala, zipsera zodzikanda zikuuma m'khosi mwake, akudikira kuti bambo ake adzuke amutchulenso kuti mwana wanga, monga anachitira pampopi paja.

Anadzuka masana ena, dzuwa likulowa pawindo la wodi. Maso awo anayendayenda mpaka anapeza Dona, ndipo milomo yawo inayesa kumwetulira. Sipaki anadzuka pampando, mtima uli m'mwamba, n'kutambasula dzanja kuti awagwire pachipumi.

Madala anafwamphula manja awo n'kuwabisa m'khwapa, diripi n'kutsala pang'ono kuzuka. Anadzikokera kukhoma, thupi lonse likunjenjemera.

"Dona," ananong'ona, "akuluwa achoke. Ndi aja amandiwotcha."

"Ndine, Bambo," anatero Sipaki. "Ndine mwana wanu."

"Achoke, mayi, chonde. Ukandiitanire mwana wanga. Wapsa mkono, ndikufuna ndione ngati wapola."

Sipaki anayang'ana mkazi wake kuti amuthandize. Dona akanatha kunena kuti ndi yemweyu, Ababa, tamuyang'anani bwino, ndipo mwina akanamukhulupirira, poti pakhomo paja munthu anali iye yekha. Koma chikhulupiriro chimenecho anali atachigwiritsa kale ntchito powamwetsa moto ndi supuni, ndipo sanafune kuti mawu ake omaliza kwa iwo akhale owaopseza. Anawafunditsa bulangete, n'kuwauza kuti mwana ali bwino, mkono wapola. Kenako anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Tulukani, amunanga. Akuopa."

Sipaki anatuluka n'kukaima kuseri kwa chitseko, pamene bambo ake sakanamuona. Madala anatulutsa manja m'khwapa n'kuwapereka kwa Dona. Anapitiriza kufunsa kuti mwana wawo afika liti, ndipo Dona ankayankha kuti ali m'njira, mpaka dzuwa linachoka pawindo ndipo mawu anawathera. Sipaki anamva zonse, ndipo sanalowe.